Matenda a nsomba za m'maiwe: kuyeza ndi kumene kumasiyanitsa vayirasi ndi mavuto ena

Nsomba zikayamba kufa m'dziwe, diso lokha silingadziwe chimene chikuzipha. Kusiya kudya, kusambira mofooka, zilonda pakhungu ndi maso otuwa zimaoneka pa matenda osiyanasiyana. Nkhaniyi ndi yofunika kwa alimi a m'boma la Milange, kumene anthu ndi katundu amaoloka malire pa Muloza tsiku ndi tsiku, chifukwa matenda a nsomba amayenda ndi mbewu ya nsomba, madzi, maukonde ndi zidebe.

Vayirasi n'chiyani

Vayirasi ndi kachilombo kakang'ono kuposa bakiteriya, ndipo kamaswana m'kati mwa thupi la chamoyo china basi. Mankhwala a antibayotiki sakapha, choncho kuwathira m'dziwe ndi kungotaya ndalama.

Chigawo cha Zambezia chinaonapo kale ukali wa vayirasi. Mu 2011 matenda a madontho oyera, amene pa Chipwitikizi amati mancha branca, anagwa pa famu ya camarão ya Aquapesca kufupi ndi Quelimane ndipo ulimiwo unaima. Mu 2012 anapezekanso ku Madagascar. Vayirasi ameneyu sagwira nsomba, koma anaonetsa kuti ntchito ya zaka zambiri ingathe m'masiku ochepa.

Kwa oweta nsomba za mtundu wa chambo, zimene pa Chipwitikizi amati tilápia, vayirasi wodziwika kwambiri ndi TiLV. Asayansi anamuzindikira mu 2014 atafufuza imfa za nsomba ku Israel, ndipo mu 2017 bungwe la FAO linachenjeza maiko onse za iye. Wapezekapo ku Egypt komanso m'nyanja ya Victoria, mbali ya Tanzania ndi Uganda. Amaononga chiwindi, ubongo ndi maso, ndipo m'mafamu ena wapha nsomba 9 pa 10 zilizonse. Palibe umboni woti amadwalitsa anthu.

Mavuto ofanana ndi vayirasi

Mu July 2020 nsomba za zilonda zofiira zinayamba kuoneka m'boma la Mchinji ku Malawi, kenako m'maboma ena a m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Zitayezedwa, anapeza kuti ndi matenda a EUS, amene sayamba ndi vayirasi koma ndi kachilombo konga nkhungu kotchedwa Aphanomyces invadans. Mu Africa matendawa anayamba kuoneka mu 2006 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Amagwira kwambiri milamba ndi matemba, makamaka nyengo yozizira.

Vuto lina lofala ndi kuchepa kwa mpweya m'madzi. Nsomba zikamabwera pamwamba m'mamawa n'kumayasamula kukamwa, kenako n'kufa zambiri usiku umodzi mosasankha mtundu, kawirikawiri chifukwa chake ndi manyowa kapena madeya ochuluka, kapenanso kuthithikana. Matenda opatsirana amapha pang'onopang'ono, imfa n'kumakwera tsiku ndi tsiku.

Kuyeza kumayenda bwanji

Gawo loyamba limachitikira padziwe pomwepo. Mlangizi amafuna kudziwa tsiku limene imfa zinayamba, kuchuluka kwa zakufa tsiku lililonse, mtundu ndi msinkhu wake, kumene mbewu inagulidwa, ndiponso ngati kumunda wapafupi kunapoperedwa mankhwala. Mlimi amene amalemba zimenezi m'kope amafupikitsa ntchito.

Gawo lachiwiri ndi kuona tizidutswa ta chiwindi kapena mnofu wa pachilonda pa maikulosikopu ku labotale. Tizidutswato timasungidwa m'mankhwala a formalin. Pamenepo ulusi wa nkhungu ya EUS umaoneka utalowerera mumnofu.

Gawo lachitatu ndi PCR, njira yomwe inatchuka pa nthawi ya Covid-19. Imafufuza chizindikiro cha kachilomboko m'chiwindi, mu impso, m'kapamba kapena mu ubongo, ndipo ndiyo imatsimikiza ngati TiLV alipo.

Nsomba yoyenera kuyezedwa ndi yodwala koma ikadali moyo, kapena imene yangofa kumene n'kuikidwa pa ayezi. Yowola, yowamba kapena yothira mchere singapereke yankho.

Zoyenera kuchita podikira zotsatira

Mlimi adziwitse msanga alangizi a ku ofesi ya SDAE ya boma la Milange. Amene ali tsidya la Malawi apite ku ofesi yoona za nsomba ya boma lawo, monga ku Mulanje.

Nsomba zakufa zichotsedwe tsiku lililonse ndi kukwiriridwa m'dzenje lakuya kutali ndi mtsinje. Zisadyedwe, zisagulitsidwe, ndipo zisapatsidwe kwa nkhumba kapena agalu. Madzi a m'dziwe lokayikitsa asatsegulidwire kumtsinje, chifukwa mitsinje ngati Muloza ndi Ruo imatumikira anthu a maiko onse awiri. Ukonde ndi zidebe zisabwerekedwe. Zitsukidwe ndi klorini n'kuyanikidwa padzuwa mpaka ziumiretu.

Pogula mbewu, mlimi afunse alangizi za malo odalirika, ndipo nsomba zatsopano ziyambe zakhala m'dziwe lapadera kwa masabata awiri kapena kuposerapo, popeza nsomba yooneka yathanzi ikhoza kunyamula vayirasi. Dziwe limene munagwa matenda liphwetsedwe alangizi akavomereza, lithiridwe laimu ndi kuumitsidwa mpaka dothi litang'ambika lisanalandire nsomba zina.