Katete, Sinda ndi Vubwi: maboma atatu pa dziko la Undi

Basi yochokera ku Lusaka ikaima pa Sinda kapena pa Katete, apaulendo ambiri amangosuzumira pawindo, kugula nthochi ndi chimanga chootcha, ulendo n'kupitirira wa ku Chipata. Ndi ochepa amene amadziwa kuti Great East Road ikuwadutsitsa m'dziko limene linali ndi ufumu wake azungu asanaponde kuno.

Anthu anayamba kalekale kukhala m'derali. Kuphanga la Makwe, m'boma la Katete, katswiri wofukula zakale David Phillipson anapeza zida za miyala zimene alenje ankagwiritsa ntchito zaka masauzande zapitazo. Achewa anadza pambuyo pake. Undi, wa fuko la Phiri, atapatukana ndi Kalonga wa Amaravi anakamanga likulu lake ku Mano, komwe lero ndi ku Mozambique, chigawo cha Tete. Mafumu a kuno ankatula mitulo kumeneko, makamaka minyanga ya njovu.

Mu 1891, Britain ndi Portugal anagwirizana za malire osafunsa eni nthaka. Mfumu inatsala tsidya lina, anthu ake ambiri tsidya linzake. Mpando wa Undi unadzasamukira ku Northern Rhodesia, ndipo lero likulu la Kalonga Gawa Undi lili pa Mkaika, kufupi ndi Katete. Atsamunda analetsa mwambo wa Kulamba mu 1934, koma unatsitsimutsidwa mu 1984.

Amene sanaoneko Kulamba sanaione Katete. Loweruka lomaliza la Ogasiti, mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzagwada pamaso pa Gawa, kupereka mphatso ndi kufotokoza za m'madera awo. Bwalo lonse limayankha kuti "Yoo Gawa!" Anamwali amatuluka mikanda ili mbuu, ng'oma n'kusintha, vilombo n'kulowa fumbi lili koboo. Gule Wamkulu yemweyo, amene amishoni ankamunyoza, UNESCO inamulemekeza mu 2005. Tsiku limenelo malire a 1891 amaoneka kuchepa mphamvu kwake.

Katete ili ndi zinanso: mapiri a Mphangwe, chipatala cha St Francis chomwe chinayamba mu 1948, ndi msewu wotsikira ku chipata cha Chanida popita ku Tete. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Vubwi, dera la Mfumu Pembamoyo, inadulidwa ku Chadiza ndipo imagundana ndi Malawi komanso Mozambique. Kumeneko banja limodzi kukhala ndi abale m'maiko atatu si chachilendo.

Chondiwawa n'chakuti malo ngati Makwe sadziwika ngakhale kwa ana asukulu a m'derali. Inu aphunzitsi ndi makolo, atengeni anawo akaone phangalo, ndipo Ogasiti akubwerayu mukafike nawo pa Mkaika.