Banjo ya Atsibweni ndi Jazi ya M'malire

Ana inu mwabadwa nyimbo zili m'thumba, mukangodina foni zayamba kulira. Ife tinakula nyimbo zikuyenda ndi miyendo ya munthu. Kuti mudzi umve nyimbo yachilendo, pankafunika wina achoke nayo ku Salisbury, ku Kitwe kapena ku Joni, aisunge m'mutu ulendo wonse, adzaitule pabwalo. Boma lathu lino la Mchinji, lomwe nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Manning, linali khomo lolowera nyimbo zoterozo. Fort Jameson, kumene lero mumati ku Chipata, ndi kufupi kwambiri kuposa ku Lilongwe. Achewa ndi Angoni a kuno ndi a uko ndife amodzi: timakwatirana, timalirana maliro. Ng'oma ikalira mbali ino, a mbali inayo ankabwera kudzavina osafunsa kuti malire adutsa pati.

Wailesi yoyamba kumveka m'midzi muno inali ya ku Lusaka. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, koyendera chibatire cholemera. Mudzi ukakhala nako kamodzi, madzulo anthu onse ankathera pakhonde la mwini wake. Mmenemo ndi mmene makolo athu anamvera mawu a Alick Nkhata akuimba ndi gitala m'Chinyanja chomveka bwino. Wailesi ya MBC inadzayamba mu 1964, ndiye kuyambira pamenepo ife a ku Mchinji tinkamva ndi makutu awiri, lina ku Lusaka, lina ku Blantyre.

Banjo ndi gitala zinafala nkhondo yachiwiri itatha mu 1945. Asilikali a King's African Rifles anabwera nazo pobwerera kwawo, enanso anazitenga kumigodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia. Atsibweni anga anali m'gulu la akumigodiwo. Anapita ku Copperbelt kudzera ku Fort Jameson, n'kukhalitsa mpaka anthu anayamba kuwatchula kuti mtchona. Tsiku limene anatulukira anali ndi njinga, bulangete, chipewa cha mlomo waukulu ndi banjo ya m'sitolo ya nsambo zinayi. Akuluakulu anayamikira njinga ndi bulangete, koma banjo anaiyang'ana cham'mbali. Masiku amenewo apongozi sankafuna mkamwini woimba banjo. Ankati munthu wogona mbandakucha sangalawire kumunda, ndipo kunena zoona ena mwa ife tinkawapatsa umboni.

Banjo imene mukuionayi ndi yomweyo, ngakhale kuti zambiri za pathupi pake zinasinthidwa. Gwirani khosili. Limeneli ndiye la ku Copperbelt, ndipo malo anyowa mafutawa ndi pamene chala chachikulu cha atsibweni chinkatsetsereka, kenako changa. Chikopa choyambirira chinang'ambika ine ndisanamere ndevu. Tinaikapo cha mbuzi: tinachiviika m'madzi, kuchipala ubweya wonse, kuchikoka chikadali chonyowa n'kuchikhomera ndi timisomali, kenako kuchisiya pamthunzi chiume chokha. Ukachiyanika padzuwa chimakakamala msanga n'kuthetheka. Zikhomo ziwiri zachitsulo zitathyoka, tinasema za mlombwa. Nsambo za m'sitolo zinkapezeka mwa apo ndi apo, ndiye tinkamasula waya wa buleki ya njinga, kupatula ulusi wake umodziumodzi, n'kuwongola pamtengo. Kamlatho kamene kanyamula nsamboka ndi kachidutswa ka nsungwi. Mukakasuntha pang'ono chabe, banjo yonse yasokonekera.

Anzanga analibe atsibweni a kumigodi, koma sanakhale manja lende. Ankatenga chitini cha mafuta a galimoto, kuchiboola, kulowetsamo mtengo wosemedwa ndi kasemasema, banjo yatha. Mwana wabusa aliyense anali ndi kake kakang'ono kokankhira nthawi kudambo. Chida chachikulu chinali babatoni: bokosi kapena mgolo wokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali ndi nsambo imodzi yokhuthala. Woimba ankakhalira pomwepo, dzanja lina likumenya nsambo ndi kamtengo, lina likutsetsereza botolo. Ng'oma tinkaiponda ndi phazi, ndipo pamwamba pake tinkamangirira waya wotungidwa zitsekero za mabotolo kuti zizisokosera. Zimenezi zikakumana, ife tinkati jazi yakwana.

Nyengo yathu inkayamba anthu akagulitsa mtedza wa Chalimbana ndi fodya, mwezi wa June kumka mtsogolo. Mwini dansi ankafulula masese, kumanga mpanda wa udzu, kupachika nyali, n'kuika mnyamata wamphamvu pakhomo. Polowera munthu ankalipira tiki kapena sikisi, ndipo kwacha itabwera mu 1971 tinayamba kuwerenga matambala. Kutsogolo kwathu tinkaika mbale. Mnyamata wofuna kudzionetsa kwa mtsikana ankaponyamo ndalama kuti tibwereze nyimbo, mnzake wansanje n'kuponyamo yoposa kuti tiisiye. Ife sitinkalowerera mikangano yawo, tinkangomvera mbale. Tinkaimba sinjonjo, saba-saba, simanjemanje, ndipo pakati pa usiku tinkasakanizamo kamvekedwe ka chimtali kuti amayi nawonso alowe m'bwalo.

Mdani wathu anali mame. Mukudziwa mmene kuno kumazizirira mwezi wa July. Usiku ukakula chikopa chinkalefuka, banjo n'kuyamba kulira ngati munthu wa chimfine. Pamenepo wa babatoni ndi wa ng'oma ankapitiriza okha, ine n'kuthamangira kumoto. Umaiyandikiza kumakala mozungulitsa, uku ukugogoda ndi chala, kumvetsera. Ikayamba kuyankha mouma, wachotsa. Ukachedwa pang'ono, chikopa chaphulika ndipo dansi yathera pomwepo. Atsibweni sanandiphunzitse zimenezi ndi mawu. Ankangondipatsira banjo m'manja n'kundiyang'anitsitsa.

Nyimbo zathu zinali nyuzipepala ya pamudzi. Tinkaimba za mtchona woiwala mkazi ndi ana, za mitala, za mkamwini wodya kwambiri, za kapitawo wa paesiteti ya fodya wobera matenanti pasikelo. Dzina sitinkatchula, koma mwini nkhani ankadzidziwa, ndipo ukamuona watuluka mumpanda mwakachetechete umadziwa kuti muvi walasa. Komabe nthawi ya Kamuzu lilime linkafunika msamala. Boma linakhazikitsa bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu mu 1968, ndipo mu 1973 kunabwera malamulo a kavalidwe, oletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi. Amuna a tsitsi lalitali nawonso sankaloledwa. Woimba wanzeru ankabisa nkhani yake mwa kalulu ndi fisi.

Kuwoloka malire kukaimba paukwati sikunali kwachilendo. Tinkamanga zida panjinga, kudutsa tinjira ta m'minda, n'kukapezeka kwa abale athu mbali ya Zambia. Pobwera tinkanyamula shuga, sopo ndi nyimbo zatsopano. Gule wa kalindula atatchuka ku Zambia m'zaka za m'ma 1980, ndi oimba monga Amayenge ndiponso PK Chishala, anyamata a kuno anamutola msanga kuposa a ku Blantyre.

Kumwera kunali akatswiri amene tinkawamvera pa wailesi. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatola nyimbo za kwela ali ana ku Salisbury, ndipo mu 1967 anakumana ndi Gerhard Kubik wa ku Austria, amene anajambula nyimbo zawo n'kuzifikitsa kutali. Alan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, ankaimba banjo ndi Chimvu Jazz, ndipo nyimbo yake ya Lameck inalibe mudzi wosaidziwa. Daniel anatisiya mu 1987, Namoko mu 1995, Donald mu 2001. Iwowa mawu awo alipo pa matepi. Koma magulu ang'onoang'ono ngati lathu, amene anali mbwee kuyambira ku Mkanda, Kapiri, Kamwendo mpaka ku Waliranji, ambiri anatha osajambulidwa ndi munthu.

Chinatitha sichinali chinthu chimodzi. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi ochokera kumigodi, boma linaimitsa ulendo wa kumigodi wodzera ku bungwe la Wenela, ndipo njira ya nyimbo za ku Joni inachepa. Kenako kunabwera makaseti. Mwini dansi anaona kuti wailesi ya kaseti ndi batire ya galimoto sizipempha nsima, sizimwa masese ake, ndipo sizichita nthumanzi ndi mame. Anzanga ena analowa kwaya ya kutchalitchi, ena anapita kukakhala matenanti, ena anagona.

Tsono tsegulani bokosi lachitsuloli. Chithunzichi tinajambulitsa kwa wojambula wa pa boma, titabwereka majekete. Onani kuti nsapato zavalidwa ndi okhala kutsogolo okha, ifeyo akumbuyo mapazi tabisa. Chitoliro chamalatachi ndi cha kwela, chinachokera ku Rhodesia. Mbale yagalamafoniyi inasweka kalekale, koma tinkaisunga chifukwa ndi imene tinaphunzirirapo kuchuna. Tindalama tobowoka pakatiti ndi makobiri a nthawi ya chitaganya, otsalira m'mbale ija. Ndipo kope ili ndi la nyimbo zathu, lolembedwa ndi pensulo. Mawu onse alimo, mukhoza kuwawerenga lero lomwe. Chimene mulibe ndi maimbidwe ake. Kope silingakuuzeni pamene babatoni amalowera, kapena mmene nsambo yachitatu tinkaitsitsira tikafuna nyimbo yachisoni. Zimenezo zili m'zala izi, ndipo zalazi zayamba kuuma.

Musaganize kuti ndi zinthu zochititsa manyazi. Banjo yeniyeniyo inayambira m'manja mwa anthu akuda amene anatengedwa ukapolo kupita ku Caribbean ndi ku America, potengera zoimbira za chipanda za kumadzulo kwa Africa. Magulu a jazi a ku New Orleans anaigwiritsa ntchito, mafakitale anaipanga yachitsulo, kenako inabwerera kuno m'masutikesi a asilikali ndi amigodi, ife n'kuivekanso chikopa cha mbuzi. Lero Madalitso Band ya ku Lilongwe ndi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay akukwera ndege ndi babatoni kukaimbira azungu, chida chomwe apongozi athu ankachinyoza.

Ndamva kale manong'onong'o a yemwe adzatenge banjoyi ine ndikadzapita. Abale anga a kwa amayi akuti mwambo wa Chichewa ndi woti chuma cha mtsibweni chimapita kwa mwana wa mlongo wake, monga mmene inenso ndinailandirira. Ana anga, poti mayi awo ndi Mngoni wa kwa Zulu, akuti za bambo ndi za mwana. Wina wafika pondiuza kuti alendo ogula zinthu zakale angapereke ndalama zambiri. Mlanduwu ndaugamula ndekha ndikadali ndi mpweya. Atsibweni anali ndi ana a alongo awo ambiri, ndipo sanandisankhe chifukwa cha mwambo. Anandisankha chifukwa ndinkatha kuchuna. Ndiye amene akuifuna, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, apeze chikopa cha mbuzi ndi waya wa buleki, abwere Loweruka m'mawa. Foni zanuzo mubwere nazonso, mujambule nyimbo za m'kopemu imodziimodzi ine ndikuimba.