Mlandu wa Malnak ndi Yogi

Mlandu wa Malnak ndi Yogi ndi umodzi mwa milandu imene oweruza a ku America amaikumbukira akafunsidwa kuti chipembedzo n'chiyani. Unabuka chifukwa cha njira ya kusinkhasinkha yotchedwa Transcendental Meditation, imene Maharishi Mahesh Yogi wa ku India anayamba kuifalitsa m'zaka za m'ma 1950. Wotsata njirayi amakhala pansi atatsinzina, mphindi 20 m'mawa ndi zina 20 madzulo, nabwereza chamumtima liwu limodzi limene mphunzitsi anam'patsa, ndipo eni ake amati imeneyi ndi njira yopumitsira maganizo chabe, yoyenera Mkhristu, Msilamu, ngakhale munthu wosapembedza konse.

M'chaka cha sukulu cha 1975 mpaka 1976, sukulu za sekondale zisanu za boma ku New Jersey zinalola kuti ana ofuna aziphunzira njirayi pamodzi ndi chiphunzitso chake chotchedwa Science of Creative Intelligence. Makolo ena, kuphatikizapo a Malnak, anakasuma, pakuti malamulo aakulu a dziko la America, m'ndime imene inakhazikitsidwa mu 1791, amaletsa boma kukhazikitsa chipembedzo. Chachilendo chinali ichi: pamene ambiri amapita ku bwalo kukapempha kuti chikhulupiriro chawo chiwerengedwe chipembedzo, apa oimbidwa mlandu ndiwo anakanitsitsa dzinalo.

Chimodzi mwa zimene zinalemera pa muyeso wa bwalo chinali mwambo wotchedwa puja, umene mwana aliyense anayenera kupitako asanalandire liwu lake lija. Ankabwera ndi zipatso, maluwa ndi kansalu koyera, navula nsapato, nalowa m'chipinda m'mene munali chithunzi cha Guru Dev, mphunzitsi wa Maharishi amene anamwalira mu 1953. Ndipo pamenepo mphunzitsi ankaimba m'chinenero cha Sanskrit, chimene anawo sankachimva, akuika zoperekazo patsogolo pa chithunzicho. Oimbidwa mlandu anati uku kunali kungothokoza aphunzitsi akale. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha: mawu a nyimboyo atamasuliridwa, anapezeka kuti akutchula milungu ya Chihindu ndi kulemekeza Guru Dev monga waumulungu. Munthu wokulira kumene nsembe imathiridwa patsinde pa mtengo sangavutike kuzindikira mwambo wotere, ndipo ine ndiona kuti kuimika mwana pamaso pa chopereka chimene sanauzidwe tanthauzo lake ndi chinthu chimene sukulu ya boma siyenera kuchita.

Mu 1977 woweruza H. Curtis Meanor anagamula kuti phunzirolo linali lachipembedzo, naliletsa m'sukuluzo, ndipo mu 1979 bwalo la apilo linavomereza chigamulocho. Pa bwalo limeneli woweruza Arlin Adams analemba maganizo akeake, amene pambuyo pake anatchuka kuposa chigamulo chenichenicho. Iye anati, popeza zilipo zipembedzo zosatchula Mulungu, woweruza asayang'ane dzina limene eni ake asankha, koma afunse ngati chiphunzitsocho chikuyankha mafunso akuya a moyo, imfa ndi chiyambi cha zonse. Afunsenso ngati chili chiphunzitso chathunthu chofotokoza dziko ndi malo a munthu m'menemo. Ndiponso afunse ngati chili ndi zizindikiro zooneka, monga miyambo, atsogoleri ndi dongosolo. Buku limene anawo ankawerenga linkaphunzitsa za nzeru yosatha imene ili gwero la zolengedwa zonse, motero mafunsowo sanavute kuyankha.

Muyeso womwewo unagwiranso ntchito mu 1981, pamene bwalo lomwelo linagamula kuti gulu la MOVE la ku Philadelphia si chipembedzo, ndipo mkaidi wa gululo amene ankapempha zakudya zosaphika anakanizidwa.

Si kuti mchitidwe uliwonse wochokera ku India unaletsedwa. Mu 2015 bwalo la apilo la ku California, pa mlandu wa Sedlock ndi Baird, linalola sukulu za ku Encinitas kupitiriza kuphunzitsa ana yoga, ngakhale linavomereza kuti mizu yake ili m'chipembedzo, chifukwa akuluakulu a sukuluzo anali atachotsamo mawu a Sanskrit ndi chiphunzitso chonse chauzimu, nasiya kudziwongola, kupuma bwino ndi kukhala chete.