Malamulo a Kanema ku Hollywood: Kodi Anapha Luso?

M'chaka cha 1930 eni makampani a kanema ku Hollywood, m'dziko la America, anavomera malamulo a kapangidwe ka mafilimu. Anthu amawatchula malamulo a Hays, potengera dzina la Will Hays, mkulu wa bungwe lao, koma amene anawalemba anali Akatolika aŵiri: Martin Quigley, mwini nyuzipepala ya za kanema, ndi Bambo Daniel Lord, wansembe wa chipani cha aJezuiti. Tsono mlanduwu, ngati ulipo, ukutikhudza ifenso.

Zaka zinai zoyamba malamulowo anangogona papepala. Zinthu zinasintha mu 1934, pamene maepiskopi a ku America, kudzera m'gulu la Legion of Decency, anapempha akhristu kuti alonjeze kusaonera mafilimu onyansa. Makampani ataona kuti thumba lao libooka, anaika Joseph Breen, nayenso Mkatolika, kuti aziŵerenga nkhani ya filimu iliyonse isanajambulidwe. Maliseche, kutukwana ndi kunyoza atsogoleri a chipembedzo zinaletsedwa, ndipo wochita zoipa sanayenere kupambana pamapeto pa nkhani. Papa Piyo XI anayamikira ntchito ya maepiskopiwo m'kalata yake, Vigilanti Cura, mu 1936.

Nanga luso linafa kodi? Iyai, mwina linachita kunoleka. Popeza oyang'anirawo sankalola kupsompsonana kwa nthaŵi yaitali, Alfred Hitchcock, pojambula Notorious mu 1946, anauza Cary Grant ndi Ingrid Bergman kuti azipsompsonana pang'ono, alekeze, anong'onezane za chakudya chamadzulo, ayambirenso. Lamulo silinathyoledwe, koma woonera aliyense anaona chikondi choyaka. Akatswiri a nthaŵi imeneyo anaphunzira kulankhula ndi chitseko chotsekeka, chithunzithunzi pakhoma, kapena maso a munthu, monga achitira akuluakulu pokamba zachinsinsi ana ali pomwepo.

Komabe tisafulumire kuomba m'manja. M'malamulo omwewo munali chiletso china chimene sichinachokere mu Mthenga Wabwino: panalibe kuonetsa chikondi pakati pa mzungu ndi munthu wakuda. Chiletsochi chinakhalapo mpaka 1956. M'filimu ya Pinky ya mu 1949, yonena za mtsikana wakuda wa khungu loyererako wokondedwa ndi dokotala wachizungu, gawo la mtsikanayo analipereka kwa mzungu, Jeanne Crain. Apa nzeru za Hitchcock sizikanathandiza kanthu. Lamulo loletsa kaonetsedwe ka chinthu munthu waluso amatha kulizemba, koma lamulo loletsa chinthu chenichenicho limangosiya dzenje, ndipo mafilimu amene sanapangidwe konse palibe amene angawaŵerenge. Ife tikuganiza kuti apa ndi pamene malamulowo anaononga kwenikweni.

Amene anayamba kugwedeza mpandawo anali mafilimu a ku Ulaya, aja osafuna phindu lalikulu, oonetsedwa m'tinyumba ta kanema tating'ono. Kumapeto kwa 1950 mumzinda wa New York munaonetsedwa The Miracle ya Roberto Rossellini wa ku Italy, nkhani ya mai woŵeta mbuzi, wosalongosoka mutu, amene atenga pathupi pa mlendo yemwe iye akumuyesa Yosefe Woyera. Kadinala Francis Spellman anaidzudzula kuti ndi mwano, boma la New York nkuiletsa. Koma mu 1952 Bwalo Lalikulu la milandu ku America linagamula kuti kanema nayenso ali ndi ufulu wolankhula. Kuchokera apo malamulo a Hays anamka nafooka, mpaka mu 1968 analoŵedwa m'malo ndi njira yosiyanitsa mafilimu potsata misinkhu ya oonera. (Chodabwitsa nchakuti pamene Vatican inatulutsa mndandanda wa mafilimu ofunika 45 mu 1995, aŵiri mwa iwo anali a Rossellini yemweyo.)

Pamndandandapo palinso filimu ya Mthenga Wabwino wa Mateyo, imene Pier Paolo Pasolini, munthu wosakhulupirira Mulungu, anajambula mu 1964. Iyeyu anadzimanga yekha: mau a Yesu anawatenga kwa Mateyo, oseŵera ambiri anali anthu wamba, ndipo gawo la Maria Woyera patsinde pa mtanda analipereka kwa mai ake omubala.

Kudzimanga kotereku kunafika pachimake ku Copenhagen mu 1995, pamene Lars von Trier ndi Thomas Vinterberg anadzilembera malamulo khumi otchedwa Dogme 95: kamera inyamulidwe pamanja, kujambula kuchitikire pamalo enieni, pasakhale nyimbo zoonjezera pambuyo, dzina la wotsogolera lisalembedwe. Malamulo onsewa anakhudza kajambulidwe ndi kamangidwe ka nkhani, koma panalibe choona chimene analetsa kuchinena. Filimu yoyamba yowatsata, Festen ya Vinterberg, ikukamba za mwana amene aulula paphwando la zaka 60 za bambo ake kuti bambowo ankamugwirira iye ndi mlongo wake ali ana, nkhani imene Breen sakanailola nkomwe. Inalandira mphoto ku Cannes mu 1998.