Usiku Umene Wailesi Inakhala Cete ku Ndola

Inu acinyamata a ku Mtendere ndi Kalingalinga, kawirikawiri mumaona ndeke zikutsika kulinga ku bwalo la Kenneth Kaunda. Kodi mudziwa kuti woyendetsa ndeke satera mwa kufuna kwake? Ayenera kupempha cilolezo pa wailesi kwa woyang'anira amene akhala pa nsanja ya bwalo, kubwereza mau amene wauzidwa, ndi kunena pamene wafika. Tamverani zimene zinacitika m'dziko lathu lino.

Pa 17 September 1961, mlembi wamkulu wa United Nations, a Dag Hammarskjöld, ananyamuka ku Léopoldville, kumene lero ndi ku Kinshasa. Anali kubwera ku Ndola kudzakambirana ndi a Moïse Tshombe za kuletsa nkhondo ya ku Katanga. M'ndekemo munali anthu 16. Poopa kuomberedwa, oyendetsa anauluka maola ambiri osalankhula pa wailesi.

Itakwana 00:10 usiku, iwo anauza nsanja ya ku Ndola kuti aona magetsi a bwalo ndipo ayamba kutsika. Woyang'anira anawauza kuti akafika pa mafiti 6,000 anenenso. Mau amenewo sanabwere. Akuluakulu anangoganiza kuti mlendoyo wapita kwina, ndipo bwalo linatsekedwa.

Koma ndeke inali itagwa m'thengo kumadzulo kwa Ndola. Otentha malasha anaona moto usiku womwewo, koma a boma anafika pa malowo ca m'ma 15 koloko masana. Anapeza mmodzi yekha wamoyo, Harold Julien, atapsa kwambiri. Iyenso anamwalira patapita masiku ocepa.

Pa nsanjayo panalibe makina ojambula mau, motero ofufuza anadalira zimene woyang'anira analemba. Mu 2015 United Nations inayambanso kufufuza nkhaniyi, motsogoleredwa ndi a Mohamed Chande Othman a ku Tanzania.

Lero malamulo a maiko onse afuna kuti mau a pa nsanja azijambulidwa. Ndiponso ndeke yololedwa kutera ikapanda kutera m'mphindi 5, wailesi yake ili zii, woyang'anira ayenera kudziwitsa opulumutsa anthu msanga. Saloledwa kungoganiza.

Tsono mukamva ndeke ikudutsa pamwamba pa komboni yanu usiku, kumbukirani kuti pansi pano pali munthu amene ali maso, kuyembekeza yankho.