Kobiri Lobooka la pa Bwinja

Nkhani yathu ya lero ikuchokera ku Mzimba, ndipo ikuyambira pa kanthu kamene ambiri a inu munakatolapo polima: kobiri lobooka pakati. Aliyense amene anagaulapo pa bwinja akudziŵa kuti khasu silitukula dothi lokha. Limatukulanso mapale, mikanda, misomali yadzimbiri, ndipo nthaŵi zina kandalama kobiriŵira ndi nguwe.

Kumaiko a Azungu kuli anthu amene amasaka zinthu zotere ndi makina ofufuzira zitsulo. Makinawo ali ngati ndodo yokhala ndi mbale kumapeto, ndipo munthu akamaiyendetsa pamwamba pa nthaka imalira pamene pali chitsulo. M'chaka cha 2009 munthu wina ku Staffordshire, ku England, anapeza nawo zidutswa za golide ndi siliva zoposa 3,500 m'munda. Mbiri yotere ikamveka kuno, mitima imathamangira ku nyumba zakale za amishoni ndi za atsamunda, poganiza kuti eniake anakwirirako chuma. Tsono tiyeni tifunse: makina amenewa atayendetsedwa mozungulira nyumba yakale ku Embangweni kapena pa boma la Mzimba, angalirire chiyani?

Golide muiŵale. Chuma cha Angoni a M'mbelwa chinali m'khola, chinali ng'ombe. Malonda ankayenda ndi nsalu, mikanda ndi makasu, ndipo ngakhale amishoni oyamba ankalipira antchito awo ndi nsalu. Pamene Donald Fraser anasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kupita ku Embangweni mu 1902, n'kuitcha Loudon, dziko la Angoni linali lisanaloŵe m'manja mwa boma la Angerezi. Linaloŵa mu September 1904, Alfred Sharpe atakumana ndi mafumu ku Ekwendeni, ndipo msonkho unayamba mu 1906. Msonkho ndiwo unaphunzitsa anthu ndalama. Nyumba iliyonse inkapereka masheleni 6, kapena 3 ngati mwamuna wagwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi. Koma Mzimba inalibe minda ikuluikulu ya Azungu monga ya ku Thyolo ndi ku Mulanje. Nanga sheleniyo akanaitenga kuti? Amuna ananyamuka wapansi, kudzera ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, kuoloka Zambezi, ulendo wa ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ena anabwerako ndi mabokosi. Ena anasanduka machona.

Motero ndalama za m'nthaka ya Mzimba zili ngati masamba a buku. Zakale kwambiri ndi za ku Britain, za nkhope ya Victoria, Edward VII kapena George V. Kuyambira mu 1932 Southern Rhodesia inayamba kukhala ndi ndalama zakezake zachitsulo, ndipo zinkagwiranso ntchito kuno ku Nyasaland. Kenaka kunabwera Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, chimene ndalama zake zinatuluka mu 1955: kobiri lobooka la njovu ziŵiri, theka la kobiri la akadyamsonga, ndi tiki, kandalama kamakobiri atatu kokhala ndi duŵa. Chiboocho chinali chothandiza, pakuti amayi ankatunga makobiri pa chingwe. Ine ndimaseka ndikaganiza kuti Inkosi ya Makosi M'mbelwa II anali mmodzi mwa mafumu amene anakana Chitaganya kwamtuwagalu, koma anthu ake ankagulira mchere ndalama za Chitaganya chomwecho. Mu 1964 zinabwera zathuzathu, za nkhope ya Dr. Kamuzu Banda, sheleni yake ili ndi chimanga. Ndipo mu 1971 kwacha ndi tambala zinaloŵa m'malo, makwacha aŵiri kulingana ndi paundi imodzi. Makobiri akale anatsala m'madenga, m'mitsuko ndi m'manja mwa ana.

Apa ndiyenera kunena mosapsatira. Ndalama zimenezi zinapangidwa zambirimbiri, ndipo kobiri lodyeka ndi nthaka silingalemeretse munthu. Wina akakuuzani kuti kuli wogula amene angakupatseni chuma chifukwa cha kobiri lobooka, bola muyambe mwaperekako kangachepe, gwirani thumba lanu.

Mtengo wake weniweni uli pamalo pamene lagona. Kobiri la 1957 likapezeka pansi pa dothi lozira la m'nyumba, tidziŵa kuti nyumbayo inazirwa chakacho chitafika kale, ndipo mapale ndi mikanda ya pamwamba pake tingaiŵerengere zaka. Tiki ya ku South Africa pa bwinja la kwa Mzukuzuku ikutiuza kuti pakhomopo panali munthu amene anaona migodi. Batani la yunifolomu ya King's African Rifles likuloza kwa msilikali. Koma mukazizula zonsezi n'kuziponya m'chitini chimodzi, zimakhala chete ngati mboni imene yaiŵala kumene inaima.

Phunziro la zimenezi lili pafupi, pa phiri la Hora lomwelo. Mu 1950 J. Desmond Clark anakumba pansi pa thanthwe lina pamenepo napeza mafupa a anthu pamodzi ndi zida zamiyala. Chifukwa chakuti analemba zonse mosamala n'kusunga zimene anapeza, akatswiri a m'mbuyo mwake anatha kuŵapima mafupawo, napeza kuti ndi a anthu osaka nyama amene anakhalapo zaka zoposa 8,000 zapitazo. Kuyambira mu 2016 gulu la Jessica Thompson linakumbanso pamenepo, pang'onopang'ono, likusefa dothi ngati ufa. Taonani: pamalo amene atiuza zambiri chotere, makina ofufuzira zitsulo sakanalira n'komwe, pakuti anthu aja chitsulo sankachidziŵa.

Palinso zinthu ziŵiri zoti wokumba azikumbukire. Choyamba ndi lamulo. Lamulo la Malaŵi la mu 1990 loteteza malo ndi zinthu zakale limaletsa kukumba pofuna zinthu zamakedzana popanda chilolezo cha boma, ndipo wopeza chinthu chotere ayenera kudziŵitsa akuluakulu. Chachiŵiri ndi manda. Angoni ankaika akuluakulu awo pafupi ndi khola la ng'ombe, m'kati mwa mudzi, kotero bwinja limene inu mukuliona ngati tchire lingakhale pogona agogo a munthu wina. Ku Embangweni nakonso kuli manda a Fraser, amene phulusa lake linabwezedwa kuchokera ku Scotland, pafupi ndi a Mbusa Jonathan Chirwa. Malo otere sapitapo khasu la munthu wofuna mwaŵi.

Tsono mukatola kobiri m'munda mwanu, musalikweche ndi mchenga kapena phulusa, poopa kufufuta chaka. Lembani pamene munalipeza, kuya kwake, ndi zimene zinali pambali pake. Kenaka pitani nalo kwa a nyakwaŵa kapena kwa gogo wamkulu wa pamudzi, mukafunse kuti pamenepo panali nyumba ya yani, mwiniwake anapita kuti, ndipo anabwerako liti. Zikaoneka zachilendo, kadziŵitseni a nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Mzuzu kapena ofesi ya bwanamkubwa pa boma la Mzimba.