Ulendo wa Anyamata ku Phiri Lowala m'Chaka cha 1991

Mwezi uno tifuna kukusimbirani, inu owerenga athu, mbiri ya ulendo umene anyamata ndi anamwali a maiko ambiri anayenda kunka ku mudzi wa Częstochowa, m'dziko la Poland, m'mwezi wa August chaka cha 1991. Misonkhano yotere yachitika kambiri, ndipo ina inakula koposa uwu. Koma tasankha uwu chifukwa kunafika alendo amene makolo ao sanaloledwe konse kutuluka m'dziko lao kukapemphera pamodzi ndi anzao. Kuti mumvetse bwino, tiyamba tanena za malowo, pambuyo pake za chiyambi cha misonkhanoyo, ndipo potsiriza za alendo aja.

Pa mudzi wa Częstochowa pali kaphiri kotchedwa Jasna Góra, ndiko kunena kuti Phiri Lowala. M'chaka cha 1382 kalonga wina, dzina lake Władysław wa ku Opole, anaitana ansembe a chipani cha Paulo Woyera wa m'chipululu kuchokera ku Hungary, nawapatsa malo pa phiripo. Ndipo posakhalitsa anawapatsanso chithunzi chakale cha Amai Maria atanyamula Mwana Yesu, chojambulidwa pa thabwa, cha nkhope yakuda. M'chaka cha 1430 achifwamba analowa m'nyumbamo, nalanda chuma, natema chithunzicho ndi lupanga. Ndipo ngakhale amisiri anachikonza, zipsera zioneka pa tsaya kufikira lero lino. M'chaka cha 1655 ankhondo a ku Sweden anagonjetsa mbali yaikulu ya dziko la Poland, nazinga phirilo kuyambira mwezi wa November kufikira masiku a Khirisimasi. Mkulu wa ansembewo, Augustyn Kordecki, anakana kutsegula chipata, ngakhale anali ndi asilikali owerengeka okha, ndipo adaniwo anatopa nachoka. Mbiri imeneyi inalimbitsa mitima ya anthu a dziko lonse, kotero kuti chaka chotsatira mfumu Jan Kazimierz inapereka dzikolo m'manja mwa Maria, nimutcha Mfumukazi ya Poland.

M'chaka cha 1711, utatha mliri woopsa, anthu a mu mzinda wa Warsaw anayenda pansi kunka ku phirilo kukathokoza Mulungu, ndipo mwambowo unakhazikika. Mtunda wake ndi makilomita ngati 250. Aulendo amanyamuka pa 6 August nafika pa 14 August, akuyimba ndi kupemphera m'njira, ndipo eni midzi amawapatsa madzi, chakudya ndi pogona. M'chaka cha 1795 mafumu a Russia, Prussia ndi Austria anatsiriza kugawana dziko la Poland, ndipo dzina lake silinaonekenso pa mapu zaka 123, kufikira 1918. Koma m'zaka zonsezo anthu sanaiwale njira ya ku Phiri Lowala.

Itatha nkhondo yaikulu yachiwiri m'chaka cha 1945, dzikolo linagwa m'manja mwa boma la chikomyunizimu, limene linaphunzitsa kuti kulibe Mulungu. Mtsogoleri wa Eklesia, Kadinala Stefan Wyszyński, anamangidwa m'chaka cha 1953, nakhala wosungidwa zaka zitatu. Pa 26 August 1956 khamu lalikulu linasonkhana pa phiripo, ndipo pa mpando wake wopanda munthu anaikapo maluwa. M'chaka cha 1966, pokumbukira zaka 1000 chibatizidwire mfumu yao yoyamba Mieszko, boma linakaniza Papa Paulo VI kulowa m'dzikomo, niligwiranso chithunzi chofanizira chija chimene chinalikuyendera maparishi, nilichitsekera. Pamenepo ansembe ndi akhristu anatenga matabwa a m'mbali mwake okha, pakati palibe kanthu, nawayendetsa mudzi ndi mudzi kufikira 1972. Ndipo anthu anawalandira ndi nyimbo ndi makandulo monga ngati chithunzicho chinali pomwepo.

Tsono tione chiyambi cha misonkhano ya anyamata. Pa 16 October 1978 Karol Wojtyła, Arkiepiskopi wa ku Kraków, anasankhidwa kukhala Papa, natenga dzina la Yohane Paulo II. Iyeyu ali wansembe wamng'ono anazolowera kuyenda ndi ophunzira m'mapiri ndi m'mitsinje, nawaphunzitsa ali pa ulendo. Ndipo popeza boma silinakonde kuona wansembe akutsogolera anyamata, iwo anamutcha dzina longa la Malume, kuti akazitape asazindikire. Atakhala Papa sanataye khalidwe limeneli. Pa Lamulungu la Kanjedza chaka cha 1984 anaitana anyamata ku Roma, ndipo anafika ngati 300,000. Pa tsiku la Pasaka, 22 April, anawapatsa mtanda wa matabwa, wotalika mamita 3.8, nawalamula kuuyendetsa pa dziko lonse. Chaka cha 1985 anawaitananso, ndipo m'mwezi wa December anakhazikitsa Tsiku la Anyamata a pa Dziko Lonse, lakuti lizikumbukika chaka ndi chaka m'madayosizi, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mitundu yonse izisonkhana pa malo amodzi. Msonkhano waukulu unachitika ku Buenos Aires m'chaka cha 1987, ndi ku Santiago de Compostela m'mwezi wa August 1989. Akuluakulu ena mwa owerenga athu akumbukira kuti m'mwezi wa May chaka chomwecho Papa yemweyo anaponda nthaka ya Zambia ndi ya Malawi.

Koma pa misonkhano imeneyo a maiko a kum'mawa kwa Ulaya anali ochepa ndithu, pakuti malire anali otseka. Chiyambire 1917 boma la Soviet linalimbana ndi chipembedzo chilichonse. Matchalitchi zikwizikwi anatsekedwa, ena anagumulidwa, ena anasanduka nkhokwe, ndipo lamulo linaletsa kusonkhanitsa ana ndi kuwaphunzitsa za Mulungu. Mu mzinda wa Moscow munatsala tchalitchi chimodzi chokha cha Akatolika chotsegula. Ku Vilnius, m'dziko la Lithuania, tchalitchi cha Casimir Woyera anachisandutsa nyumba yoonetseramo chiphunzitso chokana Mulungu. Ku Ukraine, Eklesia wa Akatolika otsata mwambo wa Chigriki anathetsedwa ndi boma m'chaka cha 1946, ndipo ansembe ake anachita Misa mobisika m'nyumba za anthu kufikira 1989. Pafupi ndi mudzi wa Šiauliai pali kachulu kamene anthu amazikapo mitanda. Boma linaigwetsa m'chaka cha 1961, nilibwereza kangapo, koma usiku anthu anabwera nazika ina. M'mabanja ambiri amene anasunga moto ndi agogo aakazi, pakuti ndiwo anaphunzitsa adzukulu ao mapemphero monong'ona, ndipo kumene kunalibe wansembe anabatiza ana ndi manja ao.

Zinthu zinayamba kusintha Mikhail Gorbachev atatenga ulamuliro m'chaka cha 1985. Mu June 1989 anthu a ku Poland anachita chisankho chimene chinagwetsa chikomyunizimu. Pa 9 November khoma la Berlin linatseguka. Pa 1 December Gorbachev anakaonana ndi Papa ku Vatican. Ndipo mu October 1990 boma la Soviet linaika lamulo lopereka ufulu wa chipembedzo. Komabe mantha anali asanathe, pakuti mu January 1991 ankhondo a Soviet anapha anthu 14 ku Vilnius. M'nyengo yotere ndimo Papa anaitanira anyamata ku Częstochowa, malo amene a kum'mawa akanatha kufikako popanda kuoloka nyanja.

Ndipo anadza zikwi makumi ambiri ochokera ku Russia, ku Ukraine, ku Belarus, ku Lithuania ndi ku maiko ena a chigawo chimenecho, ena pa sitima ya pa njanji, ena pa mabasi, ena pansi pamodzi ndi aulendo a ku Poland. Ambiri a iwo kanali koyamba kudutsa malire a dziko lao. Ndalama zao sizinali zamphamvu kunja, ndipo kamba amene ananyamula anali wochepa. Si onse anali Akatolika: ena anali a mpingo wa Orthodox, ena anali osabatizidwa, osadziwa ngakhale kulemba chizindikiro cha mtanda. Sitinena kuti onse anadza ndi mtima wa kupemphera, pakuti ena anakokedwa ndi chilakolako cha kuona dziko lachilendo. Koma onse analandiridwa chimodzimodzi.

Apa tiime pang'ono, pakuti kulandira kumeneku sikunali kwapafupi. M'chaka cha 1939 dziko la Poland linalowedwa ndi ankhondo a Germany kuchokera kumadzulo, ndi a Soviet kuchokera kum'mawa. M'chaka cha 1940 boma la Soviet linapha akaidi a ku Poland ngati 22,000 ku nkhalango ya Katyn ndi ku malo ena, nilikana mlanduwo zaka 50, kufikira linavomera mu April 1990. Mabanja ambiri anali ndi maliro amene sanawalire poyera. Ndiponso m'chaka cha 1991 eni dzikowo anali pa umphawi, mitengo ya zinthu itakwera ndi ntchito zikutha. Koma maparishi ndi mabanja anaphikira ana a mitundu imene inawazunza, nawayalira pogona. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma kuchitira chotero mwana wa amene anakulakwira ndiko kovuta.

Madzulo a pa 14 August Papa anachezera m'mapemphero pamodzi ndi anyamatawo, ndipo pamaso pao panaikidwa zizindikiro zitatu: mtanda, Buku Loyera, ndi chithunzi cha Maria. Mutu wa msonkhano unatengedwa m'kalata ya Paulo kwa Aroma, mutu 8, ndime 15, pamene mtumwiyo asiyanitsa mantha a kapolo ndi ufulu wa mwana m'nyumba ya atate wake. Ndipo mungathe kuganiza nokha momwe mau otere analowera m'makutu a anthu amene anakulira m'mantha. M'mawa mwake, pa 15 August, tsiku lokumbukira kutengedwa kwa Maria kumwamba, kunali Misa yaikulu. Owerengera anati anthu anali ngati 1,500,000, pamene eni mudziwo anali ngati 250,000 okha. Ndiko kunena kuti pa mwini mudzi mmodzi panali alendo asanu ndi mmodzi. Khamu linadzaza bwalo la pansi pa phiri ndi mseu waukulu wolowera m'mudzi, ndipo ambiri sanamuone Papa ndi maso, anangomva mau ake. Iye anakonda kuphunzitsa kuti Eklesia ali ndi mapapo awiri, la kum'mawa ndi la kumadzulo, ndi kuti munthu wopuma ndi phapo limodzi sakhala wamphamvu. Tsiku limenelo anthu anaona ndi maso chimene iye anali kunena.

Patangopita masiku anai, pa 19 August, akuluakulu ena a boma la Soviet atatsekera Gorbachev ku Crimea, anatumiza akasinja m'miseu ya Moscow, pofuna kubweza ulamuliro wakale. Chiwembucho chinalephera m'masiku atatu, ndipo mu December 1991 dziko la Soviet linapasuka, maiko ake 15 nakhala odziimira paokha. Sitinena kuti msonkhano wa pa Phiri Lowala ndiwo unachita zimenezi, pakuti zifukwa zake zinali zambiri, za chuma ndi za ndale zomwe. Sitinenanso kuti mtendere unakhazikika kuyambira pomwepo. Pakuti mu February 2022 ankhondo a Russia analowa m'dziko la Ukraine, ndipo akazi ndi ana miyandamiyanda anathawira ku Poland, kumene eni dziko anatsegulanso zitseko zao. Misonkhano ya anyamata inapitirira: ku Denver mu 1993, ku Manila mu 1995 kumene kunasonkhana anthu oposa 4,000,000, ku Kraków mu 2016, ndi ku Lisbon mu 2023, ndipo mtanda uja wa 1984 wayenda m'maiko ambiri.

Nanga ife tiphunzirapo chiyani? Ambiri a ife sitidzaona Phiri Lowala, ndipo ndalama za ulendo wotere sizipezeka m'midzi mwathu. Koma taonani kumene ulendowo unayambira. Boma la Soviet linali ndi sukulu, mabuku, apolisi ndi ndende, nililimbikira zaka zoposa 70. Agogo aja analibe kanthu koma pakamwa pao. Ndipo tsiku limene chipata chinatseguka, adzukulu anadziwa kolowera. Madzi saiwala khwawa, koma khwawalo liyenera kukhalapo. Chifukwa chake tifunsa inu makolo ndi agogo: kodi ana a m'nyumba mwanu amva pemphero pakamwa panu, kapena mwasiyira aphunzitsi okha? Ife tili ndi ufulu wa kuphunzitsa poyera, ndipo palibe wotiletsa koma ulesi wathu.

Ndipo inu anyamata ndi anamwali, amene mumayenda maora angapo kunka ku parishi pa Pasaka ndi pa Khirisimasi, musapeputse ulendo wanuwo chifukwa ngwaufupi. Mukafika, yang'anani amene wabwera wopanda kamba, kapena wochokera ku mudzi umene uli ndi mlandu ndi mudzi wanu, ndipo mum'gawire nsima yanu.